Ayuda a M'mudzi Mwathu

Amuna anga anawathamangitsa pamudzi pathu chifukwa cha mawu amene eni mudziwo anachita kuwaika m'kamwa. Ndakalamba tsopano, maso achita chidima, koma ndikaikumbukira nkhaniyi mtima umandiwira ngati yachitika dzulo. Adzukulu anga amati ndikhululuke, poti onse amene anachita zimenezi ali kumanda. Ndinayesa. Ndikafika pakati pa pemphero, nkhope ya amalume imabwera ikumwetulira, ndipo pemphero limathera pomwepo.

Mudzi wathu unali kumtunda, chakufupi ndi Kaphuka, kumene chifunga chimagona m'chimanga mpaka dzuwa litakwera. Inali nthawi imene nkhondo yoyamba ya azungu inali itangoyamba kumveka. Chikhristu kwathu chinali chikadali chakhanda. Tinali ndi katchalitchi kofolera udzu ndi aphunzitsi otsogolera mapemphero, ndipo ansembe ankabwera pabulu kuchokera kumishoni mwa apo ndi apo. Ife tinachilowa ndi miyendo yonse, monga amachitira anthu ndi chinthu chatsopano. Oyamba kubatizidwa anali amalume, alongo awo a amayi, eni mbumba yathu. Anali munthu wolankhula mofatsa, wa mendulo pakhosi, wosakweza mawu ngakhale pamene akukupweteka.

Amuna anga anachokera cha ku Mayani kudzakhala chikamwini kwathu. Anamanga nyumba, anazula zitsa, anatsegula dimba kudambo kumene anthu ankati n'kwa achule okha, n'kubzalamo mbatata ya kachewere ndi kabichi. Ukwati wathu unadalitsidwa m'tchalitchi, ndipo tinali ndi mwana wamkazi wakumsana. Amuna angawo anali munthu wamtali, wochedwa kuyankha, koma mawu anali nawo aakulu. Akaitana mbuzi zathu kuphiri, za mudzi wina nazonso zinkatsika.

Chaka chimenecho aphunzitsi anaganiza zoti Njira ya Mtanda ya Lachisanu Loyera tisangoipemphera, koma tiichite ndi anthu enieni, kukwera kaphiri ka kuseri kwa mudzi. Zithunzi tinalibe, ndipo iwo anati anthu adzamva bwino akaona ndi maso. Lamulungu lina titaweruka, tinakhala pabwalo la tchalitchi kugawana mbali. Wogawa anayenera kukhala aphunzitsi, koma iwonso anali obwera, choncho amalume anawathandiza mpaka ntchito yonse inakhala ya amalume.

Mbali ya Ambuye inapita kwa mlongo wanga wamng'ono, mnyamata wosakwatira, wanthabwala, amene amayi ankamukonda kuposa tonsefe. Anyamata a pamudzi analimbirana usilikali wa Aroma, chifukwa asilikali ankanyamula mikondo ndipo atsikana ankawacheukira. Atafika pa Ayuda, anthu ofuula kuti Ambuye aphedwe, panalibe wodzipereka. Palibe mwa ife amene anali ataonapo Myuda. Amayi ankakhulupirira kuti si anthu enieni koma mtundu wina wa ziwanda, ndipo aphunzitsi sanawatsutsepo. Chimene tinkadziwa n'chakuti anapha Mwana wa Mulungu, basi.

"Eni mudzi sangatukwane mwana wawo," anatero amalume, akusisita mendulo. "Nanga akamwini tili nawowa ntchito yawo n'chiyani?"

Anthu anaseka. Akamwini nawonso anaseka, kuseka kwa munthu wodyera m'munda wa eni. Mkamwini sakana. Akamutuma kukapalira munda wa apongozi amapita, akamutuma kukadula nsungwi za nkhokwe amapita, ndiye akadakana bwanji kufuula kwa tsiku limodzi? Onse anasanduka Ayuda tsiku lomwelo, ndipo amuna anga, chifukwa cha mawu awo aja, anawaika patsogolo.

Aphunzitsi ankawaphunzitsa akaweruka kumunda. Liwu lake linali limodzi lokha, loti "Mpachikeni," koma poyamba amuna anga ankalitchula motsitsa ngati akupempha fodya. Amalume anawadzudzula pagulu.

"Akamwini, kodi Ayuda ankanong'ona? Tulutsani mawu, anthu alire."

Lachisanu Loyera kunacha ndi mvula ya mawawa ndi mphepo yolowa m'mafupa. Aliyense wokulira kumapiri kuno amadziwa kuti tsiku lotero munthu savula. Ine ndinapempha kuti mlongo wanga afunde kansalu kumsana, koma amalume anati Ambuye sanafunde. Mtanda anausema wa msuku wauwisi, woti amuna awiri ankachita kuthandizana pounyamula. Anamuveka minga ya kankhande kumutu n'kumuvula mpaka m'chiuno. Aphunzitsi ankaimitsa gulu pena paliponse kuti tipemphere motalika, iye ali chiimire pamvula, thukuta likuuma n'kubweranso. Pamwamba anamumangirira pamtanda ndi luzi, ndipo anakhala pamenepo mpaka nyimbo zonse zitatha, milomo itachita bii.

Amuna anga anafuula monga anawauzira. Mawu anagunda phiri n'kubwerera. Amayi achikulire analira mokweza, ena anagwada m'matope, amalume akugwedeza mutu mokhutira. Potsika amalumewo anawagwira amuna anga paphewa.

"Lero mwagwira ntchito ya Mulungu," anatero, ine ndikumva ndi makutu angawa.

Pasaka mlongo wanga anaidya akunjenjemera. Posakhalitsa anali gone ndi chibayo, akupuma ngati mvukuto. Amuna anga ndiwo ankamutembenuza pamphasa, ndiwonso anakwera phiri kukakumba mankhwala. Tsiku lina masana, tili awiri pambali pake, anatsegula maso n'kuyamba kuwaseka.

"Alamu, munafuula ngati mukuthamangitsa anyani m'munda. Ine pamtanda paja ndinkafuna kuseka, koma mano ankagundana."

"Chaka chamawa mudzafuule ndinu, alamu, ine ndidzakwere."

"Inu mtanda ungathyoke."

Amenewo sanali mawu a munthu wokhala ndi chifukwa ndi mlamu wake. Anamwalira patapita masiku ochepa.

Manong'onong'o anayambira pamaliro pomwepo. Kwathu mawu si mpweya chabe. Munthu akauza mnzake kuti uona, mnzakeyo n'kudwala, anthu amadziwa khomo lokagogoda. Tsono apa panali munthu amene anaimirira pamaso pa mudzi wonse n'kufuula kuti mlamu wake aphedwe, mlamuyo n'kufadi. Zoti kunali mvula anaiwala. Zoti mtanda unali wauwisi, zoti wina anakaniza nsalu, zonsezo anazikwirira limodzi ndi mtembo. Ena anati amuna anga anafuula kuposa anzawo chifukwa zinkachokera mumtima. Ena anati ankasirira munda wa malemu. Amayi, amene amuna anga anawafolerera nyumba chaka chomwecho, anabweza kabichi amene ndinawapititsira kuchokera m'dimba mwathu. Ana anayamba kuwatsata kunjira akuimba kuti Myuda, Myuda, ndipo mwana saimba nyimbo imene sanaimve kwa akulu.

Ndinawauza amayi nthabwala zomaliza za mwana wawo. Anandiyang'ana ngati ndawabera.

"Mkazi angalephere kuikira kumbuyo mwamuna wake? Mlongo wako sanaole n'komwe, iwe wayamba kale kumunamizira."

Amalume anatumiza uthenga ku Mayani woitana ankhoswe. Tsikulo lisanafike, ife awiri tinalawirira kumishoni, mwana ali kumsana, kuti ansembe abwere adzanene poyera kuti sewero ndi sewero. Tinapeza ansembe achikulire a ndevu zoyera ali m'munda mwawo, akudulira mitengo ya mapichesi. Anatimvetsera mpaka tinamaliza, nkhope ikugwa. Anati za seweroli sanauzidwe, ndipo adzabwera mvula ikatheratu, mitsinje ikaphwera kuti bulu athe kuwoloka.

Tinayenera kutsanzika pamenepo, koma amuna anga anakhalabe chikhalire, akuthyolathyola kaudzu.

"Abambo, Ayudawa inu munawaonapo?"

Ansembe anati inde. Kwawo ku Ulaya, m'tauni imene anakulira, munali kamsewu kamodzi kokhala Ayuda okhaokha. Amene ankawasokera nsapato ali mwana anali Myuda, munthu wa chifuwa chosatha, wa ana ambiri. Sabata loyera likafika, anthu a m'kamsewuko ankakhoma matabwa m'mazenera n'kudzitsekera m'nyumba, chifukwa anyamata akatuluka m'tchalitchi ankapita kukawagenda.

"Osoka nsapatowo anapha ndani?"

"Sanaphe munthu."

"Atate awo?"

"Iyayi, mwana wanga. Ndi nkhani yakalekale."

Kenaka anawonjeza kuti tisaiwale kuti Ambuye mwini anali Myuda, Amayi awo anali Myuda, ophunzira awo onsenso chimodzimodzi. Zaka zonse zija za m'kalasi la ubatizo palibe amene anatiuzapo zimenezi. Ndiye kuti paphiri paja mlongo wanga nayenso anali Myuda, kungoti iye anamupatsa Uyuda womulirira, amuna anga n'kuwapatsa wowagendera.

"Nanga Chikhristu chikadapanda kubadwa," anafunsanso amuna anga, "anthu amenewa akadakhala bwanji?"

"Limenelo si funso la munthu wobatizidwa," anatero ansembe, koma sanakalipe. Anatola mpeni wawo n'kubwerera kumtengo, ndipo ndinaona kuti akudula nthambi imene anali atadula kale.

Funsolo tinabwerera nalo tokha. Njira yonse amuna anga analankhula kuposa mmene analankhulirapo chikwatiraneni. Anati mmene akuonera iwo, Ayuda akadakhala kamtundu kakang'ono ngati ife Achewa, kokhala ndi kachisi wake, miyambo yake ndi zakudya zake zosala. Aroma aja anali Angoni awo. Kaya Chikhristu chilipo kaya palibe, Aroma akadabwerabe ndi zishango, akadatentha kachisi, akadagwira akapolo, ndipo otsala akadathawa monga makolo athu anathawira m'mapanga a mapiri omwe tinkawaona patsogolo pathu.

"Ndiye palibe kusiyana," ndinatero ine. "Kuvutika n'komweko."

"Kusiyana kulipo, mayi. Angoni anatipha, inde. Lero ali kuti? Anakwatira alongo athu, ana awo akulankhula Chichewa, Lamulungu timagwada nawo pamphasa imodzi. Nkhondo ya ng'ombe ndi minda imatopa. Adzukulu amaiwala amene anayamba."

Anati ena mwa Ayudawo akadabalalika ndithu n'kumakachita malonda m'maiko a eni, ngati Amwenye a kuboma. Anthu akadakangana nawo pa mtengo wa nsalu, akadawanena kuti ndi oumira, mwina pena akadawatenthera sitolo. Koma mkangano wa nsalu umatha munthu akaivala nsaluyo. Ena akadasungunuka pakati pa mitundu ina monga chikusungunukira chilankhulo cha Angoni, mpaka mdzukulu osadziwa kuti makolo ake ankasala chiyani. Ena akadaumirira mwambo wawo, anansi n'kumangowaona ngati anthu a zachilendo, monga timaonera Ayao osadya nkhumba. Anandifunsa ngati ndinaonapo Myao akugendedwa chifukwa cha nkhumba.

Ine sindinavomere msanga, pakuti nkhope za abale anga pamaliro paja ndinali nditaziona bwino. Ndinati munthu wobwera amapezeredwa chifukwa nthawi zonse. Chikhristu chisanafike, pamudzi pakagwa maliro osamveka, oyamba kumwetsedwa mwavi anali akamwini omwewa. Ayuda m'midzi ya eni akadamwetsedwanso wawo, kaya ndi dzina lanji.

"Zoona," anatero. "Akadawanamizira mbuzi yosowa, akadawanamizira mwana wodwala. Koma mlandu wa mbuzi uli ndi malipiro ake. Ngakhale wa munthu, kwathu kuno timakhala pabwalo, olakwa amapereka, timameta, nkhani n'kutha. Tsono mlandu wopha Mulungu ungalipe ndi chiyani? Wolandira ndani? Amati mlandu suola, koma uwu sakungousunga ayi, akuchita kuufukula chaka ndi chaka, sabata lomwelo, n'kuuzenganso ana akuonerera. Wozengedwayo sanabadwe n'komwe pamene zinkachitika."

Tinawoloka kamtsinje, iwo atanyamula mwana paphewa. Kutsidya anaima.

"Osoka nsapato aja bwenzi akutsegula mazenera awo sabata lililonse. Ndipo kuno ku Kaphuka dzina la mtundu wawo bwenzi lisanafike n'komwe. Ine bwenzi ndili mkamwini wamba, wonenedwa kuti ndimadya kwambiri."

Ndinaseka. Sindikumbukira kuti tinasekanso awiri pambuyo pake.

Ankhoswe anabwera kuchokera ku Mayani, achikulire amantha amene anapepesa asanamve n'komwe mlandu. Panalibe kukuwa pa nkhani imeneyi, ndipo zimenezo zimandipsetsabe mtima. Amalume anatsegula ndi pemphero. Anati palibe amene akunena za ufiti, pakuti ife tsopano ndife Akhristu ndipo zinthu zimenezo tinazisiya. Kungoti mtima wa mlongo wawo ukulephera kupirira kuona tsiku ndi tsiku munthu amene anaitanira mwana wake imfa.

Ine ndinalankhula osapatsidwa mpata. Ndinatchula mvula, ndinatchula msuku wauwisi, ndinatchula nsalu ndi amene anaikaniza. Ndinafunsa kuti anagawa mbali ndani, anati tulutsani mawu ndani, anati mwagwira ntchito ya Mulungu ndani. Ndinawauzanso zimene ansembe ananena, kuti Ambuye amene akuwavala pakhosiwo anali Myuda.

"Mwana wa mlongo wanga, chisoni chakusokoneza mutu," anatero amalume mokoma. "Khala pansi."

Aphunzitsi ankayang'ana zala za kumapazi kwawo. Akamwini ena aja, amene anafuula nawo paphiri, anali atakhala chapatali, aliyense akusema kanthu kosafunika. Ankhoswe anayesa kamodzi kokha. Anati ukwati wa m'tchalitchi, monga anamvera iwo, sutha.

"Ndani wanena zothetsa ukwati?" anafunsa amalume, akuoneka odabwa. "Ife sitingalimbane ndi lamulo la Mulungu. Ukwati ukhale. Tikuchotsa munthu yekha."

Ndinati ngati ndi choncho, ine ndipita nawo ku Mayani.

"Njira ndi iyo, palibe wakumanga. Koma mwanayo ndi mbumba yanga, atsala."

Mwanayo anali akuyamwabe. Amalume ankadziwa zimenezo monga ankadziwira kuti kunali mvula.

Amuna anga ndiwo anandiletsa kulimbana. Anati ndikolole chimanga, ndisamale dimba, mitima ikazizira adzabwera. Anachoka m'mawa dzuwa litatuluka, anthu akuona, atanyamula khasu, nkhwangwa ndi mphasa, zomwe anabwera nazo. Nyumba, nkhokwe ndi dimba zinatsala, pakuti mkamwini sanyamula nthaka. Mbatata inali itachita maluwa. Itakhwima, omwe ankakana kabichi wa m'manja mwa Myuda anabwera ndi madengu kudzandithandiza kukumba, ndipo palibe amene inamutsamwa.

Ansembe anabweradi mitsinje itaphwera. Analalikira zokondana, osatchula munthu, osatchula phiri. Mpingo wonse unkavomereza ndi mitu, ndipo mutu umene unkagwedezeka kwambiri unali wa amalume. Ndinatuluka Misa isanathe.

Chaka chinatembenuka, Lenti inafikanso. Ndinkayesa kuti manyazi awagwira, koma aphunzitsi anati anthu a midzi yoyandikana amva mbiri ya sewero lathu ndipo akufuna kudzaona. Amalume anakhalanso pabwalo kugawa mbali. Ambuye anapezeka, asilikali analimbirananso mikondo. Atafika pa Ayuda anatembenukira kumene kunkakhala akamwini. Mmodzi anati pakhosi pakumupweteka. Wina anati sabata limenelo akaona amayi ake odwala. Wamkulu wa onse, munthu amene anali atakhala pamudzipo mpaka imvi osatsutsapo kanthu, anachotsa kaliwo pakamwa.

"Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Uyuda tinaulawa chaka chatha, apongozi. Chaka chino aulaweko eni mudzi."

Amalume anamwetulira, poganiza kuti tsikulo likafika adzagonja monga mwa masiku onse. Sanagonje. Lachisanu Loyera m'mawa akamwini onse anali atapita kwawo kukaona odwala.

Tinasonkhana patsinde pa kaphiri, alendo a midzi ina ali mbali iyi ndi iyo. Kunali kamphepo chabe, mvula kunalibe. Ndinayang'ana mnyamata amene anali Ambuye chaka chimenecho. Mtanda wake unali wa nsungwi zouma, woti mwana anganyamule ndi dzanja limodzi. Kumsana anali atamufunditsa bulangete, ndipo linali bulangete la amalume.

Ndiye kuti ankadziwa. Onsewo ankadziwa chimene chinapha mlongo wanga, kuyambira tsiku loyamba. Akadakhulupiriradi kuti anafa ndi mawu, bwenzi ataopa mawu n'kusiya mtanda mmene unalili. Bulangete limenelo ndimaliona mpaka lero, lotuwa, lopserera pangodya imodzi.

Aphunzitsi anawerenga mpaka pamene bwanamkubwa wa Aroma amafunsa khamu chochita naye munthuyo, n'kuima kudikira yankho. Yankho silinabwere. Anabwereza funsolo. Asilikali anayang'anana, mnyamata wa mtanda akusinthasintha mapazi, alendo akuyamba kunong'onezana. Palibe amene akadasuntha phazi popanda wofuula. Ndinakumbukira amuna anga pakamtsinje paja, akunena kuti Ayuda akadakhala moyo wawo popanda chipembedzo chathu, ndipo apa ndinkaona ndi maso kuti sewero lathu silingakwere ngakhale kaphiri popanda Ayuda.

"Wina ayambe," anapempha aphunzitsi.

"Fuulani ndinu, amalume," ndinatero ine, osakweza mawu, monga momwe iwo ankachitira. "Kuweruza munthu wosalakwa mumakudziwa."

Anthu onse anamva. Amalume anagwira mendulo, koma sanafuule. Mapeto ake tinagwada pomwepo n'kupemphera Njira ya Mtanda ndi pakamwa pokha, ndipo sewero limenelo silinachitikenso pamudzi pathu.

Pasaka itapita amayi anabwera kunyumba kwanga, nakhala pakhonde osandiyang'ana. Anati ndikawaitane atate a mwanayu. Amalume nawonso anavomera, mosavuta n'komwe, ndipo sindinaiwale kuti nthawi imeneyo denga la amayi linali likudontha ndipo nkhokwe yawo inali itapendama. Sindinafune kutuma munthu. Ndinabereka mwana, amene tsopano anali akuyenda ndi kutchula mawu, n'kupita ndekha ku Mayani. Njira yonse ndinkakonza mmene ndikawafotokozere za bulangete.

Ndinapeza alongo awo akupeta pabwalo. Atandiona anaika lichero pansi. Anati amesenjala a kuboma anabwera kudzafuna amuna a mtengatenga, okanyamula katundu wa nkhondo kumpoto, ndipo mudzi uliwonse unayenera kupereka ake. Eni mudzi anakhala pansi kusankha. Sakadapereka amuna a ana awo, amene ankawalimira minda. Anayamba ndi munthu amene analibe nyumba pamudzipo, analibe munda, analibe mkazi womulirira pafupi, wobwerera kuchikamwini ndi khasu lokha. Kwathu anawachotsa chifukwa anali obwera, ndipo kwawo anawapereka chifukwa anali obwerera. Anali atapita kale chimanga chisanamasule.

Ena a mtengatenga anabwerako nkhondo itatha, mafupa okhaokha. Ndinafunsa aliyense amene ndinamumva. Wina anati anawaona akudwala kamwazi panjira, wina anati ayi, anali munthu wina wamtali. Manda awo sindikuwadziwa. Ndipo poti panalibe wochitira umboni kuti anamwalira, a tchalitchi anati ndikadali pabanja ndipo sindingakwatiwenso. Mawu a amalume anakwaniritsidwa bwinobwino. Ukwati unakhala, munthu yekha ndiye anachotsedwa, ndipo ndakalamba nawo ukwati umenewo.

Patapita zaka zambiri, nkhondo yachiwiri itatha, tinamva kuti ku Ulaya Ayuda anaphedwa osawerengeka, ana ndi nkhalamba zomwe. Anthu pamudzi anagwira pakamwa, akuti azungu ndi ankhanza. Ine ndinaganiza za adzukulu a osoka nsapato aja, ndi matabwa a m'mazenera awo, ndipo sindinathe kugwira nawo pakamwa. Ife tinali tisanamuonepo Myuda ndi mmodzi yemwe, koma nkhaniyo itangotifika tinapanga wathu n'kumuthamangitsa chaka chisanathe.

Mwana wathu anakula osawadziwa atate ake. Ine ndinkamuuza za dimba, za mbuzi zotsika kuphiri, za funso limene anafunsa ansembe. Koma mwana sakhutira ndi za amayi ake okha. Atasinkhuka anayamba kuyendera achikulire a pamudzi, kuwafunsa kuti atate ake ankalankhula zotani. Munthu amene anawafolerera nyumba, amene anawalimira minda ndi kuwakumbira manda a abale awo, mudzi wonse unkakumbukira liwu lake limodzi lokha, ndipo ndi lomwelo anamuuza.